Phunziro pa Doko la Cobh, Pomwe Ireland Ankatsanzikana ndi Ana Ake

Tauni ya Cobh ili kummwera kwa dziko la Ireland, pa chilumba cha Great Island, m'kati mwa doko lalikulu la Cork. Dzinali eni ake amalitchula ngati "Kovu". M'tauniyi mumakhala anthu pafupifupi 14,000, ochepa kuposa a pa boma la Dedza, koma mbiri yake imadziwika kutali. Pakati pa 1848 ndi 1950 anthu oposa 6 miliyoni anasamuka ku Ireland, ndipo mwa iwo pafupifupi 2.5 miliyoni anakwerera sitima pa doko limeneli. Ambiri sanabwererenso.

M'phunziro lino tiyenda m'tauniyi malo ndi malo, kuona zimene mlendo angaone ndi kuchita. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa palibe kalasi pa koleji pano imene mulibe wina amene m'bale wake ali ku Joni, ku Cape Town kapena ku Ulaya. Ena mwa ife tikamaliza maphunziro tidzafunsidwa funso lomwelo limene achinyamata a ku Ireland ankafunsidwa: kutsala kapena kupita. Ndi bwino kuliganizira funsoli tisanafike pa mphambano, Baibulo lili m'manja.

Malo amodzi, mayina atatu

Kale tauniyi inkatchedwa Cove, kutanthauza kagombe kobisika ku mphepo. Mu 1849 Mfumukazi Victoria ya ku Britain inatsikira pamenepa pa ulendo wake woyamba ku Ireland, ndipo dzina linasinthidwa kukhala Queenstown. Mu 1920, nthawi imene anthu a ku Ireland ankamenyera ufulu wodzilamulira, dzina lakale linabwezeretsedwa koma m'kalembedwe ka chinenero chawo, Cobh. Motero tikawerenga mabuku a mbiri n'kupeza dzina lakuti Queenstown, tidziwe kuti ndi malo omwewa. Ifenso tikudziwa mmene Fort Johnston inasandukira Mangochi ndi Port Herald inasandukira Nsanje. Dzina la malo limasonyeza amene ali ndi mphamvu pa nthawiyo.

Doko la Cork ndi limodzi mwa madoko achilengedwe akuluakulu pa dziko lapansi. Khomo lake ndi lopapatiza, koma m'kati mwake ndi motakasuka ndi mozama, ndiye sitima zimabisalamo bwino nyanja ikakalipa. Komanso lili kumadzulo kwa Ulaya, pa njira ya sitima zochokera ku Liverpool ndi Southampton kupita ku America. N'chifukwa chake sitimazo zinkaima pano kutenga makalata ndi anthu omaliza zisanalowe m'nyanja ya Atlantic. Mu April 1838 sitima yotchedwa Sirius inanyamuka m'doko lomweli n'kukafika ku New York, ndipo imawerengedwa kuti ndiyo yoyamba kuwoloka Atlantic ndi mphamvu ya nthunzi ulendo wonse.

Mlendo wochokera kwathu angadabwe ndi chinthu china asanaone n'komwe nyumba za mbiri. Madzi a m'nyanja yamchere amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku chifukwa cha kukoka kwa mwezi ndi dzuwa. Boti limene m'mawa linali kuyandama, masana mungalipeze litakhala pamatope. Nyanja yathu ya Malawi sichita zimenezi, ndipo mphunzitsi wa jogalafe amene waona izi ndi maso sangavutike kuzifotokoza m'kalasi.

Siteshoni yakale ndi nkhani ya njala

Njira yosavuta yofikira ku Cobh ndi sitima yapamtunda yochokera mumzinda wa Cork, ulendo wa mphindi pafupifupi 25. Njanjiyi inafika kuno mu 1862. Mbali ina ya siteshoni yakale inasandutsidwa nyumba yosungiramo mbiri yotchedwa Cobh Heritage Centre, ndipo ndi pamenepa poyenera kuyambira. M'menemo akuonetsa mmene anthu ankagonera m'sitima, katundu amene ankanyamula, ndi zifukwa zimene zinawachotsa kwawo.

Chifukwa chachikulu chinali njala ya 1845 mpaka 1852. Alimi osauka a ku Ireland ankalima pa minda ing'onoing'ono yochita lendi kwa eni malo olemera. Mbewu imene inkatha kudyetsa banja lonse pa kamunda kakang'ono inali mbatatesi, ija timalima ku Tsangano ndi ku Dedza. Anthu pafupifupi 3 miliyoni ankadalira mbatatesi yokhayokha, ndipo yambiri inali ya mtundu umodzi wotchedwa Lumper. Matenda a chiwawu atafika mu 1845, anafalikira munda ndi munda popanda chowaletsa, mbatatesi n'kumaolera m'nthaka. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda, ndipo oposa 1 miliyoni anathawa m'dzikomo. Kalembera wa 1841 anapeza anthu 8.2 miliyoni, koma wa 1851 anapeza pafupifupi 6.5 miliyoni. Mpaka lero chilumba chonse cha Ireland sichinabwererebe pa chiwerengero cha 1841.

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'zaka zomwezo tirigu, ng'ombe ndi batala zinkatumizidwabe kunja kuchokera m'madoko a Ireland. Chakudya chinalipo, koma osauka analibe ndalama yogulira, ndipo amene alephera kulipira lendi ankathamangitsidwa m'nyumba. Apa pali zinthu ziwiri zoti tizisiyanitse. Matenda a mbewu ndiwo anayambitsa vutolo, koma chimene chinalikulitsa ndi malamulo a malo ndi kuuma mtima kwa anthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife tinaona njala ya 1949 ndi ya 2002, ndipo tikudalirabe chimanga monga iwo ankadalira mbatatesi. Pa Genesis 41 timawerenga kuti Mulungu atachenjeza Farao za njala, Yosefe sanangopemphera n'kukhala pansi, koma anakonza nkhokwe kwa zaka 7. Mphunzitsi amene amalimbikitsa ana kubzala chinangwa, mapira, mbatata ndi nandolo pa munda wa sukulu akugwira ntchito ya mtundu womwewo.

Nkhani ya njalayi ilinso ndi mbali yolimbikitsa. Mu April 1847 sitima yankhondo ya America yotchedwa Jamestown inakocheza pa Cove itachotsedwa mizinga n'kudzazidwa chakudya chimene anthu a ku Boston anasonkha. Chaka chomwecho anthu a mtundu wa Choctaw, amene boma la America linali litangowachotsa pa malo a makolo awo zaka zochepa m'mbuyomo, anasonkha madola 170 n'kutumiza ku Ireland. Lero m'tauni ya Midleton, pafupi ndi Cobh, muli chipilala cha nthenga 9 zachitsulo zoimikidwa ngati mbale yopanda kanthu, chokumbukira mphatso imeneyi. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utavuta mitundu ya Navajo ndi Hopi, anthu ambiri a ku Ireland anatumiza thandizo potchula mphatso ya 1847 ija. Makolo athu anati kupatsa n'kuika.

Mtsikana wa pa chipilala

Panja pa siteshoniyo pali chipilala cha mtsikana ndi alongo ake awiri aang'ono. Mmodzi akuloza kunyanja, pamene mtsikanayo akucheukira kumtunda. Ameneyu ndi Annie Moore, amene ananyamuka pano pa 20 December 1891 pa sitima ya Nevada, ali ndi zaka 17, kutsatira makolo ake amene anali atapita kale ku New York. Pa 1 January 1892 anakhala munthu woyamba kulembedwa pa Ellis Island, malo atsopano olandirira anthu osamukira ku America, ndipo anapatsidwa ndalama yagolide ya madola 10.

Alendo ambiri amajambulitsa pamenepa n'kupitirira, koma nkhaniyo sinathere pa ndalama yagolide. Annie Moore anakhala moyo wake wonse m'dera la anthu osauka la Lower East Side. Anabereka ana osachepera 10, ndipo angapo anamwalira ali aang'ono. Iye anamwalira mu 1924 n'kuikidwa m'manda opanda chizindikiro, amene anadziwika bwino mu 2006. Sitinganene kuti analakwa kupita, pakuti kwawo kunalinso umphawi. Koma nkhani yake ikutichenjeza kuti chithunzi cha tsiku lofika si moyo wonse. Masiku ano chithunzi chimenecho timachiona pa Facebook ndi WhatsApp, wina ataima pafupi ndi galimoto yokongola. Chipinda chimene amagonamo anthu 6 sachijambula.

Anthu a ku Ireland ankadziwa kulemera kwa ulendowu. Usiku womaliza achibale ndi anansi ankachezera pa nyumba ya wopitayo monga mmene timachezera pamaliro, chifukwa makolo ankadziwa kuti mwana wawo sadzamuonanso. Pambuyo pake ankadikira kalata yochokera ku America, imene kawirikawiri munkakhala ndalama ya lendi kapena tikiti ya mng'ono wake. Agogo athu amene anapita ku migodi kudzera ku Wenela akanaimvetsa nkhaniyi popanda womasulira. Baibulo sililetsa kusamuka: Abrahamu, Rute ndi Yosefe wa ku Nazarete onse anawoloka malire. Chimene limafunsa ndi chifukwa chopitira ndi khalidwe la munthu akafika. Yeremiya 29:4-7 analangiza akapolo a ku Babulo kumanga nyumba, kulima ndi kufunira zabwino mzinda umene akukhalamo. Levitiko 19:33, 34 akutembenuza nkhaniyi n'kutifunsa mmene ifeyo timachitira ndi mlendo wokhala pakati pathu, monga abale a ku Dzaleka.

Doko lomaliza la Titanic

Tikayenda pang'ono m'mbali mwa madzi tifika pa nyumba imene inali ofesi ya kampani ya White Star Line. Lero ndi malo oonetsera mbiri otchedwa Titanic Experience. Pa 11 April 1912 sitima ya Titanic inaponya nangula pafupi ndi khomo la doko, ku Roches Point, ndipo timasitima tiwiri, America ndi Ireland, tinanyamula anthu ndi matumba a makalata kukakweza. Anakwera anthu 123. Atatu anali a kalasi yoyamba, 7 a kalasi yachiwiri, ndipo 113 a kalasi yachitatu, ya anthu wamba. Usiku wa pa 14 April sitimayo inagunda chimwala cha madzi oundana, n'kumira m'bandakucha wa pa 15. Anthu pafupifupi 1,500 anafa. Mwa 123 a ku Queenstown aja anapulumuka 44.

Mlendo akamalowa amapatsidwa tikiti yolembedwa dzina la mmodzi mwa anthu 123 amenewa, ndipo kumapeto amakafufuza ngati munthuyo anapulumuka. Kumbuyo kwa nyumbayi kukuonekabe mitengo ya mlatho wakale umene anthuwo anakwererapo. Aphunzitsi tingatolepo nzeru pa njira imeneyi. Nambala ya 1,500 mwana amailoweza n'kuiwala, koma mukamupatsa dzina la munthu mmodzi amafuna kudziwa mapeto ake.

Zithunzi zambiri za moyo wa m'sitimayo zimene zilipo lero zinajambulidwa ndi Francis Browne, amene ankaphunzira zaunsembe m'chipani cha Jesuit. Iye anakwera ku Southampton ndi tikiti yothera ku Queenstown. Banja lina lolemera linafuna kumulipirira mpaka ku New York, koma mkulu wake atafunsidwa pa telegalamu anamulamula kuti atsike. Anamvera, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1960. Nkhani ngati iyi imakoma kuilalikira, koma tisamale. Tikanena kuti Mulungu anamupulumutsa chifukwa anali womvera, tikutanthauza chiyani za anthu 79 aja amene sanafike? Pa Luka 13:1-5 Yesu anakana maganizo akuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anzawo. Ngoziyo anaigwiritsa ntchito pochenjeza amoyo kuti alape. Yakobo 4:13-15 akutikumbutsanso kuti mapulani athu a chaka chamawa azikhala pansi pa chifuniro cha Ambuye.

Palinso mbali ya udindo wa anthu. Titanic inali ndi maboti opulumukira 20 okwanira anthu 1,178, pamene m'sitimamo munali anthu oposa 2,200. Malamulo a nthawiyo ankalola zimenezo. Ngoziyo itachitika, mayiko anagwirizana mu 1914 pa pangano la chitetezo cha panyanja. Kudalira Mulungu sikuchotsa kufunika kwa boti lopulumukira, ndipo amene amakwera maboti odzaza mopyola muyeso pa nyanja yathu kapena pa Shire akudziwa kuti nkhaniyi si ya azungu okha.

Manda a Lusitania

Patangopita zaka zitatu, tauniyi inaonanso zoopsa, ulendo uno ndi maso. Pa 7 May 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati, sitima yankhondo ya Germany yoyenda pansi pa madzi, U-20, inaphulitsa sitima ya anthu apaulendo ya Lusitania kufupi ndi Old Head of Kinsale. Inamira m'mphindi 18 zokha, ndipo anthu pafupifupi 1,200 anafa. Asodzi ndi oyendetsa maboti ochokera ku Queenstown ndi midzi ina ya m'mbali mwa nyanja anathamangira kumeneko. Opulumuka ndi mitembo yambiri anabwera nazo kuno, ndipo anthu a m'tauniyi anatsegula nyumba zawo ndi mahotela.

Pa bwalo la Casement Square pali chipilala chimene anasema Jerome Connor. Pamwamba pali mngelo wa mtendere, ndipo pansi pake pali asodzi awiri otopa ndi ntchito yovuula anthu. N'zochititsa chidwi kuti amene analemekezedwa si akazembe a nkhondo koma asodzi. Kumpoto kwa tauni, pa manda a Old Church, pali maenje atatu akuluakulu amene anaikamo anthu ambiri pamodzi pa 10 May 1915. Ena mwa iwo sanadziwike mayina mpaka lero.

Pa manda oterewa ndi pamene chiphunzitso chathu cha kuuka kwa akufa chimaonekera kufunika kwake. Timakhulupirira kuti akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu, ndipo akudikira liwu la Khristu. Chivumbulutso 20:13 akunena kuti ngakhale nyanja idzapereka akufa ake, ndipo 1 Atesalonika 4:13-18 analembedwa kuti olira asalire ngati opanda chiyembekezo. Munthu amene boma linalephera kumudziwa dzina, Mlengi wake sanamuiwale.

Tchalitchi cha pamwamba ndi nyumba zotsamirana

Kulikonse kumene mungaime m'tauniyi mumaona tchalitchi chachikulu cha Katolika cha St Colman. Anayamba kumanga mu 1868 potsatira mapulani a Edward Pugin ndi George Ashlin, ndipo chinapatulidwa mu 1919. Nsanja yake ndi yotalika mamita 91. M'nsanjamo muli mabelu 49 amene munthu mmodzi amawaimba ngati limba, pogunda timitengo ndi zibakera ndi kuponda ndi mapazi. Belu lalikulu limalemera matani 3.6. Mbali ina ya ndalama zomangira inachokera kwa ana a Ireland okhala ku America ndi Australia, ndipo nsanjayi inali m'gulu la zinthu zomaliza zimene opita ankaziona sitima ikamatuluka m'doko.

Pali ziphunzitso zimene timasiyana ndi abale athu a Katolika, ndipo sitizibisa. Koma Mkhristu wa Adventist akalowa m'nyumba yopemphereramo ya ena alowe mwaulemu, mwakachetechete, osajambula anthu akupemphera. Komanso adzifunse: anthu amene anayamba kumanga mu 1868 ambiri sanaone mapeto ake, koma anaperekabe. Nanga ife matchalitchi athu a kumudzi amene akhala zaka opanda denga akudikira yani?

Pafupi pomwepo, pa msewu wotsetsereka wa West View, pali mzere wa nyumba 23 zopakidwa utoto wosiyanasiyana, iliyonse yokwera pang'ono kuposa inzake. Zinamangidwa cha m'ma 1850. Anthu amazitcha Deck of Cards poseka kuti ya pansi itagwa, zonse zingatsatire ngati makadi a juga. Chithunzi chotchuka cha Cobh chimajambulidwa pamenepa, nyumbazo zili kutsogolo, tchalitchi kumbuyo. Kukwera mtunda umenewu kumafuna mpweya, choncho nsapato zikhale zoyendera.

Chilumba cha Spike

Kuchokera pa Kennedy Pier, boti limatenga mphindi pafupifupi 15 kukafika pa chilumba cha Spike. M'zaka za m'ma 600 panali nyumba ya amonke. Kenako a Britain anamangapo linga lalikulu looneka ngati nyenyezi lotetezera doko. Mu 1847, njala ili pachimake, lingalo linasanduka ndende, ndipo m'zaka za m'ma 1850 munali akaidi oposa 2,300. Ambiri anamangidwa chifukwa choba chakudya kapena ziweto, ndipo ena anali ana. Oposa 1,000 anafera pomwepo. Ena anatumizidwa ku Bermuda, Gibraltar ndi Australia. Ngakhale Ireland italandira ufulu mu 1922, asilikali a Britain anakhalabe pa chilumbachi mpaka pa 11 July 1938. Chinakhalanso ndende kuyambira 1985 mpaka 2004, ndipo lero alendo amaloledwa kulowa m'zipinda zamdima zimene ankalangiramo akaidi.

Ndende inadzaza chifukwa nkhokwe zinali zopanda kanthu. Izi sizikulungamitsa kuba, koma zikutithandiza kumvetsa pemphero la Aguri pa Miyambo 30:8, 9, pomwe anapempha kuti asalemere mpaka kuiwala Mulungu, ndiponso asasauke mpaka kuba. Mateyu 25:36 akuika kuyendera a m'ndende pa mndandanda wa zimene Mfumu idzakumbukire pa tsiku lomaliza. Gulu la achinyamata limene limapita ku ndende ya pafupi ndi sopo ndi nyimbo likuchita chinthu chimene Yesu anachitchula yekha.

Wansembe amene analimbana ndi mowa

Pali munthu wina wokhudzana ndi tauniyi amene alendo ambiri samumva, koma ife tiyenera kumudziwa. Ndi Theobald Mathew, wansembe wa chipani cha Capuchin, amene anamwalirira ku Queenstown pa 8 December 1856. Pa 10 April 1838 iye anakhala woyamba kusaina lonjezo losiyiratu mowa m'bungwe limene linakhazikitsidwa mumzinda wa Cork. M'zaka zochepa anthu mamiliyoni anachita lonjezo lomwelo pamaso pake, malonda a mowa waukali anatsika kwambiri, ndipo milandu ya ndewu inachepa. Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo ku America, anakumana naye ku Cork mu 1845 n'kuchitanso lonjezolo. Chipilala cha wansembeyu chili pa msewu wa St Patrick mumzinda wa Cork.

Ntchito imeneyi inachitika mpingo wathu usanakhazikitsidwe mu 1863, m'nyengo yomwe Joseph Bates, woyendetsa sitima amene anadzakhala mmodzi wa oyambitsa mpingo wa Adventist, anali atathandiza kale kuyambitsa bungwe la kudziletsa ku Fairhaven mu 1827. Choncho uthenga wa kudziletsa sitinauyambe tokha, ndipo tingagwire ntchito ndi ena amene akulimbana ndi uchidakwa m'midzi mwathu. Koma tionenso mmene ntchito ya Mathew inathera. Inadalira kwambiri munthu mmodzi. Iye atalowa m'ngongole ndi kudwala, njala itabalalitsa anthu, gululo linafooka ndipo ambiri anabwerera ku mowa. Mutu umodzi susenza denga. Lonjezo lochitidwa pa msonkhano waukulu limafuna kagulu ka abale kolisamalira sabata ndi sabata, komanso mtima umene wamvetsa 1 Akorinto 6:19, 20, kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera.

Zina zochita, ndi nkhani ya Sabata

Si zonse za ku Cobh zili zachisoni. Pa njanji yomweyo pali siteshoni ya Fota, pomwe pali malo osungira nyama amene anatsegulidwa mu 1983, ndi munda wa mitengo yochokera m'mayiko osiyanasiyana. M'mbali mwa madzi muli Sirius Arts Centre, nyumba ya 1854 imene kale inali ya Royal Cork Yacht Club, kalabu ya maboti amatanga imene inayamba mu 1720. Tchalitchi chakale cha Presbyterian chinasanduka Cobh Museum. Okonda masewera angaone chipilala cha Sonia O'Sullivan, mwana wa tauniyi amene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa mamita 5,000 mu 1995, n'kutenga mendulo ya siliva pa Olympics ku Sydney mu 2000. Kutsidya kwa madzi kuli chilumba cha Haulbowline, likulu la asilikali apamadzi a Ireland. M'chilimwe sitima zikuluzikulu za alendo zimakocheza pafupi ndi siteshoni, zina zazitali kuposa nyumba zonse za m'mbali mwa doko. Ndalama ya kumeneko ndi yuro, ndipo mvula imagwa mwezi uliwonse, ndiye jekete isatsale.

Wosunga Sabata adziwe chinthu chimodzi. Kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 5 kapena 6 koloko chaka chonse, koma Cobh ili kutali ndi pakati pa dziko. Mu June dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, pamene mu December limalowa isanakwane hafu pasiti 4 masana. Motero m'nyengo yozizira Sabata limayamba Lachisanu anthu adakali ku ntchito ndi m'kalasi. Wophunzira kapena namwino amene akupita ku dziko lotere akambirane nkhaniyi ndi womulemba ntchito asanasaine pangano, osati sabata yoyamba ya December. Malo olipira monga Titanic Experience ndi boti la ku Spike tingawasungire masiku ena a m'kati mwa sabata. Pa tsiku lopatulika, titatha kupembedza ndi abale, kuyenda m'mbali mwa madzi ndi kuona ntchito za Mlengi n'kokwanira.

Ahebri 11:13-16 akufotokoza anthu achikhulupiriro ngati alendo ofunafuna dziko labwino koposa. Anthu 2.5 miliyoni a pa doko lija ankafunanso dziko labwino, ndipo ena analipeza pang'ono, ena ayi. Ife amene tikudikira kubweranso kwa Yesu tingatsale ku Malawi kapena tingapite kunja, koma chisankhocho chichitike mwapemphero, titadziwa zoona zake za kumene tikupita, titakonza za makolo amene tikuwasiya, ndiponso titatsimikiza kuti Sabata ndi khalidwe lathu tipita nazo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Pa njala ya ku Ireland, ndi mbali iti imene inali ya chilengedwe, ndipo ndi iti imene inali ya anthu? Yerekezani ndi njala imene makolo anu anakufotokozerani.

2. Mnzanu wapeza mwayi wa ntchito kunja koma sanauzidwe bwino za malipiro, malo ogona ndi masiku opuma. Mungamulangize kufunsa mafunso ati asanagule tikiti?

3. Werengani Luka 13:1-5. Tingachitire bwanji umboni wa kupulumutsidwa pa ngozi popanda kupweteka mitima ya amene anataya abale awo pa ngozi yomweyo?

4. Ntchito ya Theobald Mathew inafooka iye atafooka. Ndi ntchito ziti za pa koleji kapena pa tchalitchi chathu zimene zikudalira munthu mmodzi, ndipo tingatani chaka chino kuti zisafe iye akachoka?

5. Kwa amene tikuphunzira uphunzitsi: konzani phunziro la mphindi 40 la mbiri ya anthu opita ku migodi ya ku South Africa, pogwiritsa ntchito njira yopatsa wophunzira aliyense nkhani ya munthu mmodzi. Mungazipeze kuti nkhanizo m'mudzi mwanu, ndipo mungapemphe bwanji chilolezo cha eni ake?